Kapu yanga ikadali pazenera

Lachinayi, 14 Juni 2007, Block 9

Kwazizira, koma mtima uli m'malo. Lero abwana anga, Mma Neo (kudziko lachilendo kuno Mma ndiye kuti Mayi), andipatsanso khanda lawo kuti ndibereke. Chiyambireni chifuwa changa mu Malichi, ankangoti, "Musiye agone, Esinati," ndipo kapu yanga anaipatula n'kuiika pazenera. Sanatchulepo TB, koma ndine mwana ine?

Kukiliniki anayeza makhololo, sanapeze kanthu. Anatulukira vutoli ndi Mayi Phiri, nesi wakwathu ku Ntcheu. Anangofunsa kuti, "Achemwali, chilungulira chimakuvutani? Nanga mumadya nthawi yanji?" Ndinaseka. Ndinkadya onse akamaliza, ndikatsuka mbale, kenako n'kudziponya pabedi. Akuti asidi wa m'mimba amakwera n'kumakanda kukhosi, munthu n'kumangotsokomola.

Tsopano ndimadya kusanade, tiyi wamadzulo ndasiya, ndipo kumutu kwa bedi ndaikako njerwa. Kuphatikiza mapiritsi amene anandipatsa, dzulo ndagona mpaka m'mawa osatsokomola.

Kamwanako sikanandiiwale. Kandikoka ndolo mpaka misozi, ine n'kumangoseka.

Koma kapu ija ikadali pazenera. Ine sindiisuntha. Aibweze okha amene anaiikapo, ndione ngati mawa...