Ndinasinthanitsa Shehe Chimfine ndi Beseni

Mzinda wa Tanta, Lachisanu

Okondedwa achimwene a Medhat,

Mtendere ukhale nanu. Muli bwanji ku Muscat kumeneko, inu ndi alamu anga a Ibtisam ndi ana? Ife kuno tili bwino, Mulungu atamandike. Shuga wa bambo watsika. Azakhali a Fawzia akudandaulabe mawondo, ndiye kuti nawonso ali bwino.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu. Komanso m'nyumba muno bambo amamva ngakhale munthu akunong'ona kukhitchini.

Nkhani ndi ya kompyuta ija munawagulira bambo atangosiya kuona, yokhala ndi pulogalamu yowawerengera zolemba. Mukukumbukira mawu ake a m'mphuno aja, mpaka bambo anawatcha Shehe Chimfine? Inu munachoka, koma Shehe anatsala pantchito. A Girgis osindikiza mabuku amatumiza zolemba, Shehe amawerenga, bambo n'kumagwira zolakwika ndi khutu. Ntchito imeneyi ndi imene imawadzutsa m'mawa, n'kumeta ndevu, n'kuvala jekete ngati akupitabe kukaphunzitsa.

Chaka chino kompyutayo inatopa. Kukatentha imangozima yokha, ndipo poyatsa munthu umatha kuphika tiyi n'kumwa isanadzuke. Ndiye ine, ndi dipuloma yangayi ya zamakompyuta, ndinati ndiwachitire bambo chabwino, ndiisinthire zipangizo zam'kati kuti izithamanga.

Musaganize kuti ndinachita mwachisawawa, achimwene. Memore yatsopano sinkalowa m'mipata ya bolodi lakale, pomwe zipangizo zonse zam'kati zimalumikizidwa. Pulosesa yatsopanonso sinkakhala pamalo pake. Choncho ndinayenera kusintha bolodi lonse. Ndinayeza ngati latsopanolo likwane m'bokosi. Ndinawerengera ngati kabokosi ka magetsi kangakwanitse kunyamula zonsezo. Disiki ya bambo ndinaipezera kolumikizira, ndipo zolemba zawo ndinazikopera padera. A Ramzi a kusitolo anachita kundiseka kuti ndikufunsa ngati wapolisi. Kenako anandifunsa ngati pali china chilichonse cholumikizidwa kumbuyo kwa kompyutayo. Ndinawayankha kuti ndi kiyibodi ndi masipika basi, ndipo ndinawayankha mwamatama.

Tsiku lomasula, bambo anakhala pambali panga atagwira ndodo yawo. Anati ndichite zonse zimene ndikufuna, koma ndisamuvutitse Shehe, chifukwa nkhalamba sizikonda kusamutsidwa. Ndinawaseka. Ndinati Shehe wawoyo akupita ku nyumba yosanja, adzachita kundithokoza.

Kumbuyo kwa bolodi lakale, pa bowo lalitali la makina osindikizira lija, panali kanthu kotuwa, kofanana ndi bokosi la machesi. Ndinakamasula, ndinati ndi kotsalira ka makina amene tinataya kalekale. Ndinakaponya m'katoni pamodzi ndi bolodilo.

Ndisanamalize n'komwe kumanga, munthu wogula zakutha uja anadutsa ndi ngolo yake akukuwa kuti bikya, bikya. Mukudziwa mmene ndimadanira ndi zinyalala m'nyumba. Ndinamuitana ndili pakhonde. Anayang'ana m'katonimo n'kunena kuti zimenezi ngakhale bulu wake sangazinunkhize. Ndinamuuza kuti bulu wakeyo ndiye akudziwa malonda kuposa mwiniwake. Tinakokanakokana, mapeto ake anandipatsa beseni la pulasitiki lobiriwira. Ndinakwera masitepe ndikudzitama kuti ndamudyera.

Kompyuta inayaka ngati mphezi. Zolemba zonse zinalimo. Koma nditatsegula pulogalamu ya Shehe, inangolemba kuti kiyi sakupezeka. Apa m'pamene ndinazindikira. Kanthu kotuwa kaja ndiko kanali kiyi, achimwene. Inu mukudziwa, chifukwa ndinu munakamangirira pamenepo. Popanda iko Shehe satsegula pakamwa.

A Ramzi akuti ngakhale bolodi latsopanoli lilibe bowo lakale lija, si vuto, pali kakhadi kowonjezera. Vuto ndi kiyi. Kampani imene inkapanga pulogalamuyo inatseka. Wangolo uja ndinamusaka mpaka kuseri kwa siteshoni. Anandiuza kuti katoniyo anaigulitsa tsiku lomwelo kwa ophwanya zitsulo, n'kundifunsa ngati beseni likudontha.

Ndinaika mawu ena atsopano, osalala ngati a pawailesi. Koma amenewa amatchula mawu mmene akufunira. Bambo akamva cholakwika sadziwa ngati walakwitsa ndi wolemba kapena wowerenga. Shehe uja bambo anamuzolowera, ankadziwa pamene amapunthwa. Ndinayesa kuwawerengera ndekha ndikaweruka kuntchito, koma akuti pakamwa panga pamakonza zolakwika ndisanazione.

Ndiye ndinawanamiza. Ndinati Shehe akuzolowera kaye bolodi latsopano, adikire pang'ono. Anangogwedeza mutu.

Lolemba ndinawamva akuimbira a Girgis. Anawauza kuti buku limene anawatumizira alipereke kwa wina, makutu awo akalamba. Dzina langa sanalitchule. Kuyambira tsiku limenelo jekete lili pa msomali, ndipo ndevu sakumeta.

Dzulo anandipempha madzi ofunda oviika mapazi. Ndinabweretsa m'beseni lija osaganiza. Analisisita m'mphepete n'kunena kuti ndi beseni labwino ndithu, koma ndikanalimbikira pang'ono wangoloyo akanandipatsa lalikulu, chifukwa mawu ake ankamveka kuti watsala pang'ono kugonja. Anamva zonse, achimwene. Anamvanso kanthu kakugwera m'katoni tsiku lija, koma akuti anaganiza kuti mwana wa dipuloma akudziwa chimene akuchita. Kenako anaviika mapazi, n'kundiuza kuti ndisalire, madzi akwana kale.

Ndikuchita manyazi moti ndikulephera kudya nawo patebulo limodzi. Chonde, kumbukirani amene anakugulitsani pulogalamuyo. Funsani ku mabungwe a anthu osaona kumeneko, mwina wina anasiya kuigwiritsa ntchito ndipo kiyi wake ali m'dilowa. Ndatumiza chithunzi cha bowolo pafoni ya alamu. Buku lina la a Girgis likubwera ikatha Ramadani, ndipo akalipereka kwa wina kachiwiri, ndikudziwa kuti basi kwatha.

Mukaimba foni, musawafunse bambo za nkhaniyi. Itanani ine, mundikalipire mmene mungathere. Sindidzakudulani mawu. Bambo akana kundikalipira, ndipo zimenezo ndi zimene zikundipweteka.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo mundipsompsonere Lujain ndi Anas. Mulungu akusungeni ndi kukutsegulirani njira.

Ndine mlongo wanu,
Rawya