Laputopu Yonyamula ndi Dzanja Limodzi

Kwa Mlolo,
Nsanje.
21 Okutobala, 2023.

Okondedwa achimwene Amosi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Molly ndi ana kumeneko ku Mzuzu. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino lanyanya. Masana ngakhale mbuzi sizichoka pansi pa mtengo wa nimu. Amayi ali bwino, bondo lija ndi limene limawavuta akamadzuka. Pilira wayamba sitandade wani, ndipo tsiku lililonse amabwera ndi nkhani ya amene wamenyedwa ndi amene walira.

Musadabwe kuona kalata yotayipa. Ndagula laputopu. Ndinaganiza zokuimbirani foni, koma pafoni inu mumayankha ine ndisanamalize kulankhula, ndipo ndikangomva mawu anu ndimabwerera kukhala kamlongo kanu kaja kongoti "eya" pa chilichonse. Nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto.

Laputopu yakuda yaikulu imene munandipatsa ija inatidyetsa, achimwene, ndipo sindidzaiwala. Ndinkatayipira mayeso a masukulu a kuno, mapulogalamu a maukwati ndi a maliro, makalata a anyamata ofunsira ntchito ku minda ya nzimbe. Itapita ndi madzi mu Malichi muja ndinakhala ngati andidula manja. Mukumbuka zimene munanena nditakuuzani kuti amuna anga a Lazaro ndi amene anainyamula ndipo inawapulumuka. Munati, "Mwamuna wanji wotaya chinthu chodyetsa banja? Mlamu wanga ndi munthu wosasamala." Chimene simunadziwe n'choti foni inali yokweza mawu ndipo iwo anali pomwepo. Anamva zonse. Kuyambira tsiku limenelo mukaimba amangonyamuka n'kupita kukaona njinga yawo.

Madzi ataphwa a Lazaro anabzala chimanga ndi mbatata kudimba, masana n'kumapalasa kabaza mpaka miyendo kutupa. Sanandiuze kuti akusungira chiyani. Sabata yatha anagulitsa mbuzi zimene zinatsala, kusiya yaikazi imodzi yokha, n'kundiuza kuti, "Mayi a Pilira, mawa tilawirire ku Limbe. Mukasankhe makina anu."

Tinakwera lole ya matola mpaka pa Thabwa, n'kupeza minibasi yokwera mapiri aja. Ku Limbe tinayamba ndi sitolo ina yamagalasi, ya malaputopu atsopano. Bambo wogulitsa atatchula mtengo wa yotsika kwambiri, a Lazaro anavula chipewa ngati alowa m'tchalitchi, ndipo tinatuluka mwaulemu. Mayi wina wogulitsa nthochi panja ndi amene anatilozera kamsewu ka kuseri, kuti tikakwere masitepe tikafunse mayi Imelda, amene amagulitsa malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito.

Ine ndinali ndi mantha ndi zinthu zakale, poganiza kuti ndigula matenda a munthu wina. Mayi Imelda anandifotokozera kuti awo amachokera m'maofesi a kunja, ndipo akafika amawatsekula, kuwapukuta fumbi, kusintha batire ndi china chilichonse chotopa. Anati ikavuta m'miyezi itatu ndibwere nayo. Asanationetse kanthu anayamba ndi mafunso.

"Mumakhala kuti?"

"Kwa Mlolo, ku Nsanje."

"Magetsi alipo?"

"Tili ndi sola, koma yaing'ono."

"Mumayenda nayo?"

"Panjinga. Masukulu ndi otalikirana."

"Ndiye muli ndi adani atatu, mayi: kutentha, fumbi ndi mabampu. Musayang'ane kukongola."

Anatulutsa malaputopu atatu. Yoyamba inali yaikulu, yofanana kwambiri ndi yanu ija, sikirini yotakata, mabatani a manambala kumbali, ndipo inali yotsika mtengo kuposa zinazo. Mtima wanga unapita pomwepo. Nditaikhudza ndinamva ngati ndapeza mbale wanga amene anasowa. Yachiwiri inali yasiliva, yopyapyala ngati mbale ya dothi ya alendo, yoti ukaitulutsa pagulu anthu akupatsa mpando. Koma mayi Imelda eni ake anati imatentha msanga, batire yake ndi yomatirira mkati, ndipo ili ndi pobayira pamodzi pokha, moti pulinta ndi fulashi sizingalowe nthawi imodzi. "Iyi ndi ya anthu a m'maofesi ozizira," anatero. "Kwanu kuja ingakomoke isanafike Disembala."

Yachitatu inali yaing'ono, yakuda, yokalika pakona, ndipo chilembo cha A chinali chitafufutika pabatani lake. Poiona si nkhani. Koma anati chosungira zinthu chake ndi cha mtundu watsopano, chopanda kanthu kozungulira mkati, ndiye mabampu sangachiwononge. Batire yake imachoka, ndipo ina imapezeka mu Limbe momwemo. Anaizula ku magetsi, n'kuika filimu kuti izisewera, nati, "Musakhulupirire pakamwa panga. Tikhale pano ticheze, muone nokha mmene ikutsikira." Ine ndinayamba kuyesa mabatani limodzilimodzi, kubaya fulashi yanga m'mabowo onse, kuika dzanja pansi kuti ndimve ngati ikutentha. Chimene chinkandibweza m'mbuyo chinali sikirini, chifukwa ndi yaing'ono, ndipo mtengo wake unali wokwererapo kuposa yaikulu ija. Ndinadzifunsa kuti munthu angalipire bwanji zambiri kuti apatsidwe chochepa.

Ndili mkati moganiza choncho ndinamva mayi Imelda akuseka. Nditatembenuka ndinaona a Lazaro atanyamula laputopu yaikulu ija ndi dzanja lamanzere lokha, ataikweza pamwamba pa mutu. Dzanja lamanja anali atalipinda kumbuyo, ngati munthu amene wabereka wina kumsana. Anaima choncho osagwedezeka mpaka mkono unayamba kunjenjemera.

"Bambo, mukuyeza nsomba kodi?" anafunsa mayi Imelda.

Iwo sanaseke. Anaitsitsa bwinobwino nati, "Iyi ikufuna manja awiri." Anatenga yaing'ono ija, kuikweza chimodzimodzi, n'kuyenda nayo mpaka pakhomo ndi kubwerera. Kenako anandiyang'ana nati, "Iyi ndingawoloke nayo."

Achimwene, ndinatuluka n'kukakhala pamasitepe, ndipo ndinalira mpaka anthu odutsa ankaganiza kuti andibera. Ndinkaona ngati a Lazaro zamadzi zija anaziiwala, popeza sanazitchulepo n'kamodzi komwe. Koma munthuyo miyezi yonseyi wakhala akadali m'madzi muja, akufunafuna njira imene akanapulumutsira zonse ziwiri.

Ndati zonse ziwiri chifukwa pali zimene sitinakuuzeni. Tsiku lija madzi a Ruo anafika m'mudzi kutacha kale, mvula itagwa masiku angapo osaleka. Ine ndinatsogola ndi Pilira kumsana kulowera kusukulu ya kumtunda. A Lazaro ankabwera pambuyo atasenza chikwama cha laputopu, amayi ali patsogolo pawo. Atafika pakati panjira amayi anakumbuka kuti mbuzi zili zomangirira m'khola, ndipo anabwerera osauza munthu. Mbuzi anazimasuladi, koma potuluka madzi anali atafika m'chiuno ndipo anawagwetsa. A Lazaro anawathamangira n'kuwagwira ndi dzanja limodzi, linalo lili pachikwama pamutu. Anayesa kuwadzutsa koma madzi ankawakoka, ndipo chikwamacho, ndi chaja ndi mapepala momwemo, chinali cholemera. Anachisiya. Sichinawapulumuke ayi, anachisiya dala, n'kuwabereka amayi kumsana.

Inu mukuwadziwa amayi ndi mwambo wawo. Chikwatiwire ine sanadyepo pamodzi ndi mkamwini wawo, akakumana panjira amapatukira kutchire, ndipo akafuna kuwauza kanthu amadzera mwa ine ngakhale onse ali pabwalo limodzi. Tsiku limenelo madzi anawavula chitenje. A Lazaro anavula malaya awo n'kuwafunditsa, ndipo anafika nawo kusukulu kuja ali kumsana, anthu onse akuona. Titakhala pansi amayi anandigwira dzanja nati, "Amosi asamve zimenezi. Akamva abwera kudzanditenga, ndikafere kozizira, ndisiye manda a bambo ako." Ndinaona kuti manyazi nawonso anali pomwepo. Nditawauza a Lazaro anangoti, "Alamu akwiye ndi ine, bola amayi asachite manyazi." N'chifukwa chake tsiku limene munalankhula mawu aja ine ndinangoti chete. Ndinali pakati pa amayi anga ndi amuna anga, ndipo aliyense anali atandipempha chinthu chimodzimodzi.

Nditapukuta misozi ndinabwerera m'sitolo muja. Filimu inali ikusewerabe ndipo batire inali itangotsika pang'ono. Mayi Imelda sanandifunse kanthu, anangondionetsa mmene ndingakulitsire zilembo kuti maso asamawawe. Ndinasankha yaing'onoyo. Ndalama sizinakwanire chikwama chake, ndiye tinaikulunga m'chitenje changa, ndipo a Lazaro anaifungata pamiyendo ulendo wonse ngati khanda. Panopa imagona m'jumbo, m'ndowa yokhala ndi chivundikiro, pamwamba pa kabati. Musaganize kuti ndinaisankha chifukwa cha chisoni chokha. Ndayenda nayo kale kusukulu ziwiri, ndipo ndinafika msana usakupweteka, n'kutayipa tsiku lonse osafuna magetsi. Chilembo cha A ndinachilemba ndi penti ya m'zikhadabo.

Titafika kunyumba ndinawafotokozera amayi zimene zinachitika m'sitolo, ndi mmene mkamwini wawo anaimira dzanja lili m'mwamba. Anali akusankha nyemba ndipo anapitiriza kusankha ngati sanamve. Patapita nthawi anati, "Bwera nacho ndichione." Anachinyamula, kuchitembenuza, kuchiyeza m'manja, nati, "Kanthu kopepuka chonchi n'kugulitsira mbuzi zanga?" Ndinaseka, iwonso anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anadzuka ndi bondo lawo lija n'kupita kumene a Lazaro ankamata chubu cha njinga. Anakhala pansi chapatali pang'ono, n'kuwomba m'manja, nalankhula Chisena chija amalankhula zinthu zikawafika pamtima: "Takhuta, baba. Takhuta." Aka kanali koyamba kuwathokoza pamaso, osadzera mwa ine. A Lazaro anasowa poyang'ana. Anaika chubu pansi, nawonso n'kuwomba m'manja, nati, "Zikomo amayi, ndi ntchito yathu."

Pobwerera amayi anandiuza kuti, "Umulembere mchimwene wako, umuuze zonse. Koma umuuzenso kuti ku Mzuzu sindipita." Ndiye ndakuuzani zonse ziwiri. Ndikudziwa kuti mukwiya kuti tinakubisirani, ndipo mwina muyamba kufunsa za mabasi kuti mudzawatenge. Chonde bwerani, takusowani, koma mubwere kudzacheza.

Za ntchito ya ukalaliki imene munandipezera kusukulu ya kumeneko, ndathokoza kwambiri, ndipo muwathokozenso alamu chifukwa chovomera kuti ine ndi Pilira tidzakhale kwanu. Sindibwera, achimwene. Tapeza malo kumtunda, kufupi ndi sukulu ija, ndipo njerwa taumba kale. Kumunsi kuno tizingobwera kudzalima. Aphunzitsi ayamba kale kundibweretsera mayeso a teremu ino. Sindikunena kuti madzi sadzabweranso. Mitambo ikachita bii kumapiri a ku Thyolo ndimasiya zimene ndikuchita n'kuyamba kuyang'ana kumene kuli Pilira. Koma anthu anga ali kuno, ndipo ndaona amene ndingaime naye madzi akafika.

Pempho langa ndi laling'ono. Pulinta ndikubwereka ya kuparishi, ndipo inki yake kuno ndi yosowa. Mukaipeza kumeneko pamtengo wabwino munditumizire. Dzina lake ndalemba ndi cholembera kuseri kwa pepalali. Ngati alamu ali ndi chikwama chakale cha kumsana chimene ana anasiya, chingandithandize panjinga.

Amayi akupereka moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa zidzukulu zawo, ndipo akuti muzivala juzi. Pilira akuti amalume abwere ndi maapozi. Ndisanamalize kutayipa ndinapita kwa a Lazaro n'kuwafunsa ngati ndilembe moni wawo. Anapukuta manja, kenako anandifunsa kuti, "Kodi angaulandire?" Ndinawauza kuti sindikudziwa. Moniwo ndaulemba pano, achimwene. Funsolo muyankhe ndinu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Jesinta.