Galu wanga wadya mapiritsi a agogo

Aphungu,

Lachiwiri kunacha ndi chiperoni, phiri la Chiradzulu osaoneka, madontho akugogoda pamalata. Atambala analira, koma Dziwazako, galu wanga, sanabwere kudzakanda chitseko. Ndinamupeza kuseri kwa khonde atasanza, akulephera kuimirira. M'masanzimo munali nthochi ndi tizidutswa toyera.

Ndinadziwa pomwepo. Agogo anga aamuna, a Bonifasio, amadwala mtima. Amati mapiritsi amawawa, ndiye amayi amawaikira m'kati mwa nthochi. Ine sindiyankhulayankhula, koma ndimaona. Amayi akangotembenuka, agogo amabisa nthochiyo m'thumba n'kukataya kuchimbudzi. Lolemba, poopa mvula, anangoponya kuseri kwa khonde.

Nditawafunsa anati, "Iwe, mankhwala amenewa amandikodzetsa ngati khanda. Kutchalitchi ndimatuluka nyimbo isanathe, anthu maso onse pa ine. Ukawauza amako, usadzanditchulenso agogo."

Amayi ndawanamiza kuti galuyo anadya chule. M'kalasi sindikumva kanthu. Mapazi a agogo atupa, nsapato sizikulowanso. Ndiulule?

Lachiwiri lomwelo ndinajomba kusukulu, ndinamuika Dziwazako mudengu n'kupalasa njinga mpaka ku Mikolongwe. Alangizi a ziweto anati mtima wake ukugunda pang'onopang'ono, atsale kaye. Kunyumba ndinabwerera ndekha ndi dengu lopanda kanthu.

G.K., Chiradzulu

G.K.,

Ulula lero, osati mawa.

Unachita bwino kuthamangira kwa alangizi m'malo momumwetsa galuyo mkaka kapena madzi amchere. Mankhwala a mtima sachedwa kupha nyama. Bwerera ku Mikolongwe ndi kapepala ka mapiritsiwo, kuti alangiziwo adziwe chenicheni chimene anadya.

Koma wodwala kwambiri pakhomo panu si galu. Mapazi otupawo akukuuza kuti mtima wa agogo ukulemedwa. Yamba ndi eni ake. Khala nawo pansi, uwauze mwaulemu kuti amayi adziwa lero, ndipo kuli bwino amve kuchokera kwa iwo. Akakana, nena wekha. Amayi apite nawo kuchipatala ku Boma msanga, akanene za kukodzako mosabisa. Si zamanyazi. Adokotala amatha kusintha nthawi yomwera, mwinanso mtundu wa mankhwalawo. Za nthochi zithe. Azimwa ndi madzi, amayi ako akuona.

Chenjera: asamwe awiriawiri pofuna kubweza amene anataya aja, n'zoopsa. Agogo akukwiyira, inde. Koma agogo okwiya ukhoza kuwapepesa, a kumanda sungathe.