Shuga wa amayi a kutchalitchi

Lachisanu, 14 Juni. Kwazizira, koma mtima wanga uli mbee.

Anandiuza ndi NyaMhango wa ku Zolozolo kuti mkamwana wanga Esinati analibe khansa ayi. Madokotala a boma anangomuchepetsa mabere, ati msana unkamuwawa. Dzulo amayi a kutchalitchi anabwera kudzamuzonda, shuga m'manja, misozi chuchuchu. Ndinadikira amalize pemphero, ndiye ndinati, "Yewo chomene, koma muno mulibe wodwala. Vula, mama, aone zimene wadulitsa dala." Esinati anangoti zyoli. Amayi aja anatola shuga wawo, ulendo.

Lero m'mawa ndamupeza atasenza ndowa yamadzi, magazi atanyowetsa bulauzi pomwe anamusoka. Sindinamutule. Suja msana unachira? Koma mwana wanga, mwamuna wakeyo, akabwera mawa...