Landirova Yokatenga Nafisa

Loweruka, 5 Febuluwale 1983

Sufiyani, mkamwini wanga, wafika kuno ku Nsanama m'mawa, matope mpaka m'chiuno. Ndi mpando womwe wakana. Akuti azamba amuona mwana wanga Nafisa dzulo ndipo mwana wa m'mimbayo wagona chopingasa, mutu uli kunthiti. Mimba yotere sachirira pamudzi, ikufunika chipatala cha opaleshoni, kupitirira Liwonde. Masiku ake ali pafupi.

Ine ndinanena mu Disembala, dambo lisanadzaze, kuti mwanayu abwere adzadikirire kuno kumsewu. Amayi ake, Abiti Sidik, anandiyankha kuti wa mimba yoyamba sachoka pamudzi asanamuvinire litiwo, mwambo wathu wachilangizo, ndipo litiwo silingavinidwe azakhali a ku Ntaja asanafike. Ati za azimayi mwamuna salowerera. Azakhaliwo anafika, anavina, analangiza, anadya mpunga n'kubwerera kwawo. Mvula nayo inafika. Lero uthenga akutumiza kwa mwamuna yemwe uja.

Ndafunsa za ngolo. Ng'ombe zikukana kulowa m'dambo. Machila? Azamba akana, ati ndi ulendo wa tsiku lathunthu m'madzi, matenda akayambira m'njira adzamutani. Ndiye kwatsala Landirova yanga yakaleyi, imene nkhuku zakhala zikuikiramo mazira kuyambira chilimwe.

Nafisa ndi mwana yekhayo amene anatitsalira. Enawo tinaika ali aang'ono.

Lamulungu, 6 Feb.

Injini yalira. Imeneyo sindinkaikayikira. Vuto lili kunsi.

Njira ya kumudzi inakumbika ndi thirakitala ya kuesiteti, mizere iwiri yakuya, pakati mtumbira. Masipuling'i a galimoto yanga anafooka kalekale, mimba yake yatsala pang'ono kukhudza pansi. Ikalowa m'mizere imeneyo idzakhala pamtumbira, matayala n'kumangozungulira m'malere. Ndiye m'dambo muli zitsa zobisala m'madzi. Chimodzi chikaboola sampu, mphika wa oyilo wa pansi pa injini, oyilo yense watayika ndipo ulendo wathera pomwepo.

Ndiyenera kuikweza, kupeza matayala aakulu, ndi kutchinga kunsi ndi chitsulo. Pa zonsezi ndilibe ngakhale chimodzi. Makaniko wa zaka zonsezi, wokonza magalimoto a eni ake, lero ndagwira njakata ndi yanga yomwe.

Lolemba, 7 Feb.

Wyson, mnzanga wowotcherera zitsulo, amene amapemphera ku Katolika koma tiyi amamwera kwanga, ali ndi chigoba cha lole kuseri kwa nyumba yake. Tamasula masipuling'i akumbuyo. Mabauti anachita dzimbiri mpaka kugwirana. Ndathira palafini, ndamenya, ndatukwana, Mulungu andikhululukire.

Zitsulo za lole n'zazitali ndiponso zokhuthala. Tadula ndi sowo mpaka manja matuza okhaokha. Bowo la bauti yapakati taboolera kwa osula makasu, pamakala ndi mvukuto. Ndazilowetsa pakati pa zitsulo za Landirova, ziwiriziwiri pa sipuling'i iliyonse.

Wyson anati, "Che Uladi, chimodzi sichikwana? Kodi mukukatenga mwana kapena njovu?"

Ndinati iyayi, ndikufuna ikwere, amene sanalione dambo lija asandiphunzitse ntchito. Anangoseka n'kundipatsira sipanala.

Lachiwiri, 8 Feb.

Mvula tsiku lonse. Ndagwira ntchito chogona m'matope, madzi akulowera m'khosi n'kutulukira m'miyendo ya buluku. Mvula ikamagunda pamalata ine ndikungoona dambo likukwera.

Lachitatu, 9 Feb.

Matayala apezeka. Kapitawo wa kuesiteti wandibwereka a lole yaing'ono, a mano akuluakulu. Kuwalowetsa pa malimu anga inali nkhondo, sopo wa mkazi wa Wyson watha theka. Limodzi lili ndi bala m'mbali, ndaika chigamba mkati ndipo ndikulipempherera. Pokhota ankakhula m'mbali mwa bodi. Ndadula bodiyo. Kukongola ndilibe nako ntchito.

Chitsulo chotchinga kunsi Wyson wadula pansi pa lole ija, chachikulu ngati chitseko. Tachimanga ndi mabauti kuyambira kubampa, kudutsa pansi pa injini mpaka kugiyabokosi. Iye akuchitcha chishango. Pochikweza chinandiphwanya chala, chikhadabo chada bii, koma sindinamve kanthu mpaka madzulo.

Wogulitsa nsomba wina wochokera kutsidya wandiuza kuti Nafisa sakutulukanso panja, msana ukumuvuta. Ati amayi ake akufunsa kuti kodi atate akewo akudikira chiyani. Akudikira chiyani! Iwo anadikira azakhali mwezi wathunthu.



Lachinayi, 10 Feb.

Landirova yatsika pajeke. Yaima pamwamba ngati ng'ombe ya ngolo, munthu ungakwawe kunsi osagunda mutu.

Ndinati ndiiyese. Koma kuno galimoto siyenda yokha. Nditangoiliza, a pamsika anayamba kukwera: ogulitsa usipa, atelala, azimayi ndi madengu awo, wina ndi mbuzi yake, ena pabampa, ena padenga. Sindinathamangitse munthu, ungamuthamangitse bwanji mnansi? Tinapita nawo mpaka kukhwawa la kuseri kwa sukulu. Ndinadutsa dala pamiyala, pazitsa, m'mizere ya ngolo. Inayenda mofewa ngati bwato. Chishango chinagunda mwala n'kupitirira bwinobwino. Anthu anaomba m'manja, azimayi nthungululu. Wyson anavula chipewa n'kuti, "Ndagonja, achimwene."

Kwa nthawi yoyamba sabata ino mtima unakhala pansi.

Petulo wafika mochedwa, ndipo Sufiyani, amene wabweranso masana, akuti madzi atsikako pang'ono, mawa adzakhala bwino kuposa lero. Ndapeza amuna oti akatikankhe m'dambo, ndi makasu ndi matabwa. Tinyamuka ikangotha swala, pemphero lathu la m'mawa. Inshallah.

Lachisanu, 11 Feb.

Ndili pakhonde la chipatala. Dzuwa lapendeka. Nafisa amulowetsa ku opaleshoni ndipo palibe amene akutiuza kanthu. Ndilembe, apo ayi ndiyamba misala.

Popita zonse zinayenda. Amuna okankha aja anali kumbuyo ndi matabwa awo. M'dambo madzi anafika m'zitseko, zitsa zinkagunda chishango, gu! gu! koma sampu inapulumuka. Pamene tinatitimira, anatsika n'kukankha. Tinafika kumudzi dzuwa lisanatenthe.

Nafisa matenda anali atamuyamba dzulo madzulo. Nkhope yotuwa, milomo youma. Anandiona n'kuti, "Atati, mwabwera." Tinayala mphasa ndi mabulangete kumbuyo, tinamugoneka, amayi ake atamugwira mutu, azamba pambali. Amuna aja ndi Sufiyani anayenda m'madzi akukankha mpaka tinaoloka.

Kutsidya kuno ankafuna kukweranso. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Tsalani, mubwere pansi. Ipepuke kuti ndithamange." Ndi Sufiyani yemwe ndinamusiya.

Kuchoka padambo kukafika kumsewu waukulu njira yake ndi yamiyala, youma gwa. Ndinaponda mafuta. Poyamba inkangonjenjemera, ine n'kumati ndi miyala. Titafika pa chigwembe cha pamwala waukulu, kumbuyo konse kunadumpha m'mwamba. Ndinamva thupi la mwana wanga likumenyetseka pachitsulo. Kulira kumene analira sindikufuna kukulemba.

Abiti Sidik anakuwa, "Abambo ake a Nafisa, mukutiphera mwana!"

Ndinachepetsa. Sizinathandize. Ngakhale kamwala kakang'ono kankafika m'msana ngati takwera pa mtengo wopanda matayala. Apo m'pamene zinandifika m'mutu. Masipuling'i a lole sapindika opanda katundu. Dzulo inali yofewa chifukwa msika wonse unali pamwamba, m'mawa chifukwa cha amuna aja ndi matabwa. Sindinaiyendetsepo yopanda anthu ndi kamodzi komwe. Ndipo anthuwo ndinali nditawasiya kutali, kubwerera kukanatanthauza kudutsanso pachigwembe pomwe paja. Azamba anati magazi ayamba. Kuima sindikanatha, kuthamanga sindikanatha. Ndinayenda ngati nkhono, ndikulira, miyala ndikuizemba umodziumodzi.

Pamsewu waukulu tinapeza amuna a mikanjo yoyera akupita kumzikiti ku swala ya Ijuma. Ndinaima pakati pawo n'kutsika. Moyo wanga wonse anthu ndiwo amandipempha kukwera. Lero ndinapempha ndine.

"Achimwene, atate anga, chonde kwerani. Mwana wanga akufa mkatimu. Galimoto ikufuna kulemera."

Anayang'anana ngati ndapenga. Mkulu wina wa ndevu zoyera anasuzumira kumbuyo, anabweza nkhope msanga, n'kuti, "Kwerani, swala tikaswalira kutsogolo." Anakwera pabampa, padenga, ena kulendewera m'mbali, onse atafulatira kuti asaone azimayi. Galimoto inakhala pansi n'kufewa. Ndinathamanga, mkulu uja akuwerenga pemphero la duwa padenga mokweza.

Izi zotsatirazi siziyenera kulembedwa, tsambali mwina ndidzaling'amba. Tisanalowe m'Liwonde tinapeza anyamata a chipani atatchinga msewu ndi chingwe. Makadi a chipani! Langa linali m'chipewa. Koma ndani amapita kukaswali ndi kadi m'thumba la mkanjo? Wamkulu wawo anati wopanda kadi atsike akhale pansi. Anatsika onse. Ndinagwada mufumbi pamaso pa mwana woti ndikanabereka ine. Ndinafotokoza za masipuling'i, iye n'kuti za masipuling'i sizikumukhudza, lamulo ndi lamulo.

Abiti Sidik sanapemphe. Anatsika n'kumutambasulira nsalu imene inali pansi pa Nafisa. Mnyamatayo anayang'ana kumbali. Anayang'ana amuna aja ali chikhalire m'mbali mwa msewu, anayang'ana anzake. Kuwalola opanda makadi sakanatha, anthu anali akuona. Anatsitsa chingwe, anasiya mmodzi wolondera, n'kuuza otsalawo kuti, "Kwerani inuyo." Iyenso anakwera pabampa. Tinafika kuchipatala titasenza anyamata a chipani, ndodo zawo zili m'manja. Anatsika n'kubwerera. Wamkulu wawo uja ndi dzina lomwe sindinamufunse. Za amuna a mikanjo aja sindikudziwa, Mulungu awalipire.

Anamwino atuluka kawiri. Kawiri konse adutsa osatiyang'ana.

Loweruka, 12 Feb.

Nafisa ali moyo. Alhamdulillah. Ndalemba mawu amenewa ndipo ndikuwayang'anabe.

Mwana anali wamwamuna. Anamutulutsa atapita kale. Anamwino ati tikanachedwa pang'ono tikananyamula mitembo iwiri, ati ndithokoze kuti ndinali ndi galimoto. Ndinafuna kuwafunsa kuti mwanayo anapita nthawi yanji, koma ndinangothokoza monga ananenera. Sufiyani wafika m'mawa uno pa lole ya fodya. Wakhala pansi pa mtengo.

Masana anandilola kulowa. Wagona chagada, botolo lamadzi lili pamkono. Mlomo watupa, anadziluma dzulo. Ndinakhala pambali, manja anga akudawa ndikuwabisa. Iye anafuna dzanja langa yekha n'kuligwira.

"Atati, mwapweteka chala."

Ndinati si kanthu, mama.

Anatseka maso. Ndinkaganiza kuti wagona. Kenako analankhula motsitsa, osati mondidzudzula iyayi, ngati akungondiuza nkhani ya kumunda.

"Ankagunda, atati. M'dambo monse muja ankagunda, ndinkamumva. Mpaka pamwala paja. Kuchokera pamenepo sanagundenso."

Amayi ake anati ndituluke, akufuna kumusintha nsalu. Ndinatuluka.