Munamuitana Katatu

Amaveni, Kwekwe
16 Januwale

Okondedwa achimwene a Yosiya,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Dorah ndi ana onse ku Balaka kumeneko. Bondo lija linakuvutani m'basi pobwerera lili bwanji? Kuno tikudzuka. Mvula yachedwa koma yagwa, chimanga chakuseri kwa nyumba chafika m'mawondo. Bambo a Runyararo ali ku Silobela kokonza mapampu, akupereka moni.

Mudabwa kuona pepala, poti inu ndi ine tinazolowera kutumizirana mavoisi pa foni. Ndalemba dala. Tikamayankhula mumandidula pakamwa, ndipo inenso ndikayamba kukuwa sindidziwa polekezera.

Nkhani ndi ya mwana wanga, mdzukulu wanu Runyararo. Sukulu yawo ikutsegulidwa pa 12 Febuluwale, ndipo yangotsala miyezi inayi kuti amalize maphunziro ake a zoimba. Koma katundu yense wamuchotsa ku Senga, ku Gweru kuja, komwe amakhala, mpaka timitengo take toimbira malimba. Akuti sabwereranso.

Mukukumbukira tsiku lija la mu Disembala tinkavundukula chiliza cha bambo athu a Maliko? Titabwera kumanda anthu anadzaza pabwalo, kwaya ikuimba, Runyararo akutsuka mbale pampopi atakufulatirani. Munamuitana katatu kuti abweretse madzi osamba m'manja. Sanacheuke.

Munaimirira pamaso pa abusa ndi alendo onse. Munati ameneyu ndi mwana wosamva, yunivesite yamukuza mtima, makutu akewo ndi ongokongoletsa mutu, ndipo ngati alibe nawo ntchito bola atsekeke. Anthu anaseka. Mai Tinevimbo a nyumba yoyandikana nafe anamasuliranso m'Chishona kuti aliyense amve bwino, akuti haanzwi, samva.

Zotsatirazi simunazione. Manyazi atandigwira, ndinamukokera kukhitchini n'kumuwomba mbama pa khutu lamanzere. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti mhamha, ndiko kuti amayi, ndalakwa chiyani. Ine ndinati umenewonso ndi mwano, ndinamuuza atseke pakamwa.

Masabata awiri apitawo ndinagwetsa chivundikiro cha poto wamkulu uja kumbuyo kwake. Mphaka anathawa, nkhuku panja zinalira, iye anangopitiriza kudula anyezi. Sindinamuitane. Miyendo yanga inakumbukira yokha zochita: ndinazungulira, ndinakaima kutsogolo kwake, n'kumugwira paphewa, monga tinkachitira ndi bambo.

Lachinayi ndinapita naye kwa dokotala wa makutu ku Gweru. Anamulowetsa m'kachipinda kokhala ndi galasi, anamuveka zomvera m'makutu, n'kumuuza kuti akamva kalikonse akweze dzanja. Ine ndinali panja ndikuonerera. Ndinkaona dokotala akudina, akudinanso, mwana wanga ali phee, dzanja lili pamwendo, akudikira kuti ayambe.

Dokotala anati khutu lamanzere lapita kwambiri, lamanja layamba, ndipo zimene zapita sizibwerera. Anati makutu otere amawaona mwa azibambo a zaka makumi asanu amene akalambira mumgodi, osati mwa mtsikana wa zaka 22. Anamufunsa kuti amakhala m'phokoso lanji.

Apa m'pamene ndinamva zimene sindinafunsepo zaka zitatu zonsezi. Iye ndi anzake asanu ndi mmodzi amaphunzirira m'galaja ya eni nyumba ku Senga, yamalata, yopanda zenera, malimba anayi ndi ng'oma zitatu. Chitseko amatseka chifukwa oyandikana nawo amadandaula. Amayamba akaweruka m'kalasi, tsiku ndi tsiku, poti aliyense amaopa kutsalira pa mayeso. Akuti akatuluka m'menemo onse amayankhulana mokuwa, n'kumaseka kuti ndiko kulimbikira.

Ndipo akabwera ku holide kuti apume, ndani ankamukankhira kutsogolo kutchalitchi kuti akaimbe kiyibodi pafupi ndi sipika yaikulu ija? Ine. Ndani ankakodola kuti kwezani, amve a kumbuyo kuti woimbayo ndi mwana wa Bernadetta? Ine ndemwe.

Dokotala anafunsanso ngati anamenyedwapo pa khutu. Runyararo anati ayi, osandiyang'ana n'komwe. Dokotalayo anati mulimonsemo vutoli ndi lakale, la phokoso. Koma ayi ameneyo akundiwotcha mpaka lero, achimwene. Bola akanandineneza.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti anatiuza. Ali chaka chachiwiri anandiimbira foni kuti makutu akulira osaleka. Ndinaseka, ndinati khutu likalira ndiye kuti wina akukutchula, akhala anyamata a ku Senga amenewo. Ndinakuuzaninso inu ngati nthabwala, nanunso munaseka, munati tiyambe kukonza khola la ng'ombe za malowolo. Kuchokera pamenepo sanadandaulenso.

Ife ndife ana a Maliko. Makina oboola miyala pansi pa mgodi anawadya makutu bambo tisanakule. M'nyumba mwathu munali lamulo limene palibe analilemba: bambo saitanidwa chakumbuyo. Umazungulira, umawagwira paphewa, umayankhula akukuona pakamwa. Inu ndi amene munandiphunzitsa zimenezi ndili wamng'ono, ndipo munandikwapulapo nditawakuwira ndili panja. Zaka zonse zija palibe ananenapo kuti a Maliko ndi amwano.

Ndiye pa tsiku la chiliza chawo, maluwa ali pamanda asanafote, ana awo awiri tinaona mwana sakucheuka, ndipo palibe mmodzi wa ife anaganiza za makutu. Mawu ndi amodzi omwewo, samva. Kwa bambo tinkatanthauza matenda, kwa mtsikana wophunzira tinathamangira mwano.

Nanunso, achimwene, musandiuze kuti simudziwa. Zaka khumi zimene munagwira pansi pa mgodi zinakusiyirani chizindikiro. Munthu akamayankhula mumapendeketsa mutu kuti khutu lamanja likhale kutsogolo, ndipo nkhani zambiri mumangoyankha kuti eya. Ife timati ndi ukulu, timabwereza mwaulemu. Palibe anakuimitsanipo pagulu.

Aphunzitsi ake, mayi wina wachifundo, anabwera kuno okha Loweruka. Anati mwanayu akhoza kumaliza. Kuli timapulagi tovala m'makutu toteteza zimene zatsala, mayeso ake akhoza kuimba mbira, sansi yoimba ndi zala ija, m'malo mwa ng'oma, ndipo zina ndi zolemba. Anati dzanja lake pa mbira alibe nalo mnzake m'kalasi monse. Ndinalira pamaso pa mlendo.

Runyararo anawathokoza, anawaperekeza mpaka pageti, atabwerera anandiuza kuti sapita. Akuti sekuru, ndi momwe amakutchulirani, ananena kale kuti atsekeke, ndipo akutsekekadi, ndiye kulimbana n'kwa chiyani? Ndinamukumbutsa kuti dokotala wati vutoli linayamba kalekale. Anati dokotala amadziwa makutu, koma sadziwa pakamwa pa malume wa munthu pa tsiku la manda.

Ine sindikhulupirira kuti munamutemberera. Ndikudziwa kuti mumangofuna kuoneka mwini mbumba pamaso pa alendo, ndi khalidwe lanu kuyambira kale. Koma iye akukhulupirira, ndipo sakudya, masiketi ayamba kumugwa m'chiuno. Amakhala pakhonde manja ali pamwendo, zala zikuyenda zokha ngati zili pa mbira, akandiona amazibisa. Bambo ake anamutcha Runyararo, m'Chishona ndiye kuti bata. Iye akuti m'mutu mwake muli nyenje zosatopa.

Mbali yanga ndachita. Ndinaima kutsogolo kwake, ndinamugwira paphewa, ndinamuuza kuti ndinalakwa kuseka ndipo ndinalakwa kumumenya. Ankandiyang'ana milomo. Anati zamveka mhamha, koma mawu amene akundimanga si anu.

Choncho ndikukupemphani, ndipo sindinazolowere kukupemphani kanthu. Bwezani mawu aja.

Musaimbe foni, ndipo musatumize voisi. Atatu amene munamutumizira pa Khrisimasi sanawatsegule, ndipo ine nditawamvera ndinapeza ndi malangizo a ulemu, wailesi ikulira kumbuyo. Tengani cholembera. Lembani ndi dzanja lanu, Chichewa chosavuta, poti chake n'chosakanikira ndi Chishona. Mumuuze kuti munamuitana atakufulatirani, kuti wolakwa ndinu, kuti makutu ake simunawatseke ndipo simukufuna atsekeke. Mumuuze abwerere kusukulu. Musaonjezepo ulaliki.

Mai Vainess amene akubweretserani kalatayi akubwerera kuno pa 30. Muwapatsire yankho m'manja. Likafika tsiku limenelo, tikhala ndi masabata awiri omunyengerera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Daison ndi mkazi wake, ndi kwa azakhali ku Ntcheu mukawaona. Mulungu akusungeni, akuchizeni bondo, akufewetseninso mtima.

Inu munaitana katatu. Ine ndaitana kamodzi kokha, koma ndazungulira, ndaima kutsogolo kwanu, ndipo maso anu ndi abwinobwino. Mai Vainess akabwera chimanjamanja, tidzadziwa tonse kuti wosamva m'banja la a Maliko ndani.

Ndine mlongo wanu,
Bernadetta