Beseni la alamu

Lachinayi madzulo. Kunja kwazizira tsiku lonse, ndipo kuchipatala palibe chasintha.

Achimwene akadali pa makina aja. Vairasi ya chimfine inawawononga mapapo, ndiye magazi awo amatuluka pa paipi ya pantchafu ali bii, kukalandira mpweya m'makina, n'kubwerera pakhosi ali psuu. Adokotala akuti mapapo akupumula. Zoti achira kapena ayi, akuti sanganene lero.

Akazi awo afika m'mawa kuchokera ku Lilongwe. Ndinakawatenga ku eyapoti. Titaima pa jamu ya magalimoto cha ku Industrial Area, anayamba kundiuza zomwe anyamula: beseni, zitenje, kapoto, ufa wa phala. Abwera kudzakhala gadiyani ngati kwathu, wogona pansi pambali pa bedi la wodwala. Zoti kuno kudziko la eni sizitero, sindinawauze.

Nesi anatiimitsa pakhomo. "Pole, mama," anapepesa m'chinenero chakuno, n'kufotokoza kuti chakudya chimadzera pa paipi ya m'mphuno, kusambitsa amasambitsa okha, ndipo wachibale sagona m'menemo. Alamu anayang'ana ine, osati nesiyo.

"Nanga ine ndabwerera chiyani, alamu?"

Atavala gauni ndi masiki analowa, n'kuima manja ali kumbuyo, kuopa kukhudza mapaipi. Patapita nthawi nesi uja anawapatsa kabotolo ka mafuta n'kuwalozera kumapazi, komwe kulibe waya. Anawadzoza amuna awo mpaka nthawi yoona odwala inatha. Zidendene za achimwene sizinasalalepo chonchi chibadwire.

Beseni lija likadali m'buti mwa galimoto. Sindikudziwa ngati ndilitsitse, kapena...